Mphwanga apite ku koleji ya ntchito zamanja kapena apitirize kwa mmisiri?

Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru zanu pa nkhani ya mphwanga amene analemba mayeso a MSCE koma sanasankhidwe kupita ku yunivesite ya boma. Pakali pano akuthandiza mmisiri wina wowotcherera zitsulo kuno ku Ndirande. Manja ake ndi aluso ndithu, moti mafelemu a mawindo ndi mageti akupanga yekha kuyambira kuyeza mpaka kupenta, koma alibe pepala losonyeza luso lakelo ndipo pakutha pa mwezi amangopatsidwa ya sopo.

Ndikudziwa kuti bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limatumiza achinyamata m'makoleji monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Salima, komanso kuti kuyambira mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a m'madera. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi chakuti achibale ena akuti kubwerera m'kalasi ndi kutaya nthawi, ndi bwino atenge ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama za bizinesi, agule makina owotcherera ndi chopalira zitsulo, ayambe payekha. Ine mtima wanga ukukana, chifukwa mnyamatayu sanagwirepo ndalama ya bizinesi. Kodi inu amene munadutsa m'makolejiwa, pepalalo linakutsegulirani khomo lanji?

Yankho loyamba: Achimwene, musalole kuti ngongole itsogole. Kwa mmisiri mwana amaphunzira zimene mmisiriyo amalandira tsiku ndi tsiku basi, pamene ku koleji amaphunziranso kuwerenga mapulani, kuwerengera mtengo wa ntchito ndi kudziteteza ku ngozi, ndipo amatumizidwa kukagwira ntchito moyeserera m'makampani, komwe ambiri amadziwana ndi mabwana amene amadzawalemba. Makampani a zomangamanga amayamba afunsa satifiketi asanaone n'komwe manja a munthu.

Yankho lachiwiri: Ndikuvomereza, koma malo m'makolejimo ndi ochepa poyerekeza ndi ofunsira, choncho asachoke kwa mmisiriyo mpaka dzina lake litatuluka. Mupitenso ku ofesi ya TEVETA ku Blantyre mukafunse za ndondomeko yoyesa anthu amene anaphunzira luso kunja kwa sukulu, popeza iyeyu sakuyambira pansi.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Kodi kuti akayesedwe motero, pamafunika kalata yochokera kwa mmisiri amene akumuphunzitsayo?