Sienta ya gulu: malamba ndi mipando ya ana, kapena mjigo?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse a kwathu ku Bembeke. A Wapampando andituma kuti ndibweretse kuno nkhani imene tinaisiyira panjira Loweruka, poti anzathu a kunja panalibe. Ndalama zotsala pa msonkhemsonkhe wa chaka chino zikukwana ntchito imodzi yokha. Ena akuti tikonzetse mjigo wa pafupi ndi sukulu kumudzi. Achemwali athu a ku Leeds akuti tikonzetse malamba onse mu Sienta ya gulu, tigulenso mipando iwiri ya ana. Lankhulani momasuka koma mwaulemu. Mavoisi aatali ayi chonde, bandulo yadula.

Amalume a ku Chilinde: Ine ndiye sindichedwa, mjigo. Madzi amamwa mudzi wonse, pampando akhala mwana mmodzi. Ife tinakula tikukwera malole a fodya, pamwamba pa mabelo penipeni, ndipo mpaka lero tilipo.

Achemwali a ku Leeds: Amalume, inu mulipo ndipo tikuthokoza Mulungu. Koma amene anagwa pamabelopo sali pagulu pano kuti atiuze mbali yawo. Mjigo sindikuukana. Ndikungoti galimotoyi ndi yathu, tinagula tokha, ndipo imanyamula ana athu pa M1 pafupifupi sabata iliyonse. Chikachitika, sitidzaloza boma chala.

Dalaivala wa gulu: Ndiloleni ndinene mmene galimoto ilili akuluakulu. Malamba awiri akutsogolo ali bwinobwino. Mzere wapakati, zolowetsamo lamba zija zinakankhidwira pansi pa mpando, ndinazitulutsa koma chimodzi sichikugwira, ukalowetsa chimalavula. Mzere wakumbuyo lamba mmodzi anachita kudulidwa ndi mpeni. Mwini wake woyamba ankaiyendetsa ngati takisi, ndiye malamba ankangomusokoneza popakira anthu.

Mayi wa ku Area 25: Ine funso langa ndi la mipandoyo. Mwana wanga ndikakwera ndimamumasula kumbuyo n'kumufukata pamiyendo, ndipo ndimamugwira zolimba. Ndani angagwire mwana kuposa mayi wake? Nthawi zina lamba ndimamukoka kuti atizungulire tonse awiri. Apo palakwika chiyani?

Aphunzitsi a sayansi: Mlamu, chachiwiricho ndiye musadzachitenso. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, thupi lanu limapitirira kutsogolo, ndiye mwana amapanikizika pakati pa inu ndi lamba. Kulemera kwanu konse kumathera pamimba ndi pachifuwa pake. Lamba mmodzi, munthu mmodzi, basi.

Za kugwira zolimbazo, tiwerengere limodzi. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola ikagunda chinthu cholimba, zimafanana ndi kugwa kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 10. Imeneyi ndi samu ya Fomu 3, aliyense atha kuyesa. Ndipo 50 ndi liwiro la m'tauni, pa Linthipe paja palibe amene amayenda 50. Kuima konseko kumachitika m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso, ndiye mwana wa makilogalamu 10 amakoka manja anu ndi mphamvu ya makilogalamu mazanamazana. Si nkhani ya chikondi kapena kusasamala. Manja a munthu aliyense, ngakhale wonyamula zitsulo, amatseguka.

Mnyamata wa ku Ndirande: A Ticha mwatibwezera m'kalasi tsopano 😂 Koma ine zoona zake lamba ndimamukoka tikamayandikira rodibuloko, tikadutsa ndimamusiya. Ndimaopa kuti galimoto ikayaka moto kapena ikagwera mumtsinje ndidzakanika kutuluka.

Dalaivala wa gulu: Mphwanga, kumasula lamba ndi kudina kamodzi. Amene amakanika kutuluka ndi uja wamenyetsa mutu pagalasi n'kukomoka. Pa ntchito yanga ndafika pa ngozi zingapo. Anthu amene tinkawatola patali ndi galimoto, m'munda kapena pamsewu, ndi aja anaponyedwa kunja. Komanso wokhala kumbuyo wosamanga amakagwera wakutsogolo, amene iye anamanga bwinobwino. Ukakhala kumbuyo kwangaku osamanga, ukuika khosi langa pachiswe.

Achemwali a ku Leeds: Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo kwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 palibe chimene chimapha ambiri kuposa msewu. Limatinso lamba amachepetsa chiopsezo cha imfa mpaka ndi theka, ndipo mpando wa mwana umachepetsa imfa za makanda mpaka ndi 71 pa 100 aliyense. Kuno ku UK lamulo limati mwana akhale pampando wake mpaka atakwana zaka 12 kapena kutalika masentimita 135, chimene chayambirira. Chifukwa chake n'chakuti lamba wa galimoto anamupangira thupi la munthu wamkulu. Pa mwana wamfupi amadutsa pakhosi ndi pamimba m'malo mwa paphewa ndi m'chiuno.

Amalume a ku Chilinde: Zaka 12! Mwana woti akulima kale mizere yake azikhala pa kampando? Kumeneko ndi ku Ulaya mwanawe. Banja lililonse lili ndi galimoto, mwina ziwiri. Ife tili ndi imodzi mudzi wonse.

Achimwene a ku Joni: Amalume si za ku Ulaya zokha. Kuno ku South Africa kuyambira 2015 mwana wosakwana zaka 3 ayenera kukhala pampando wake m'galimoto ya munthu. Mataxi ndi mabasi olipiritsa anthu ndi amene lamuloli silinawakhudze. Ngati vuto ndi ndalama, kuno mipando yogwiritsidwapo kale ntchito imapezeka motchipa. Nditha kugula iwiri ya m'thumba mwanga n'kutumiza pa basi, gulu lingolipira katundu. Mjigo ukonzedwe, nkhani ithe.

Achemwali a ku Leeds: Achimwene mwachita bwino, koma tisamale, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Mpando umene unakhalapo m'galimoto yochita ngozi umatha kukhala ndi ming'alu yosaoneka, ndipo pulasitiki ikakalamba padzuwa imafooka. Ngati mukugula kwa munthu womudziwa, amene anganene zoona kuti sunachitepo ngozi, palibe vuto. Wa pamsika wosadziwika kochokera ayi. Muyang'anenso kachikwangwani ka mtundu wa lalanje kolembedwa R44 kapena R129, kamanena kulemera kapena kutalika kwa mwana woyenera mpandowo. Zingwe zake zikhale zonse, zosaperepeseka, ndipo pepala la malangizo libwere limodzi. Mpando womangidwa molakwika umangopereka chilimbikitso chabodza.

Dalaivala wa gulu: Musanagule munditumizire chithunzi. Mipando ina imafuna timbedza tachitsulo totchedwa ISOFIX, timene timakhala pakati pa chokhalira ndi chotsamira. Yathuyi ndi yakale, ndikafufuze kaye ngati ili nato. Ngati mulibe, tifunika mpando womangidwa ndi lamba wa galimoto. Ndiye mwaona kuti tabwereranso pomwe paja: popanda malamba ogwira, mpandowo tiumangira pati?

Msungichuma: Nonse mukuzungulira. Ine ndinene chimene tikuopa kunena. Sienta ili ndi malo a anthu 7. Pa zovuta za mwezi watha buku langa likuonetsa kuti analipira mafuta anthu oposa pamenepo, osawerengera ana, thumba la ufa ndi nkhuni. Mukaika mipando iwiri ya ana, kwatsala malo a akuluakulu asanu, mmodzi mwa iwo dalaivala. Tingagule malamba a golide, koma anthu anayi pa mzere wa malamba atatu, wina akhala wopanda. Funso lenileni ndi ili: ndani adzauze azakhali pa Biwi kuti malo atha, akakwere minibasi, mwana wa miyezi isanu ali phee pampando wakewake?

Mlembi: Apa pavuta.

Mnyamata wa ku Ndirande: Ine ayi. Azakhali anga aja angandikumbutse mpaka pa ukwati wa mdzukulu wanga.

Mayi aakulu a ku Zomba: Ana inu ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. A Msungichuma anena zoona, pamaliro kukaniza munthu n'kovuta, ndipo amene wakanizidwa saiwala. Koma tikumbutsane chimene tinagulira galimotoyi. Sitinagulire maliro. Tinagula chifukwa amayi oyembekezera ankavutika kufika ku chipatala chachikulu ku Dedza usiku, ndipo akachira ankabwerera pa kabaza ndi khanda la masiku awiri. Khanda limenelo ndi limene ndikuliganizira. Pa ulendo wotero m'galimoto mumakhala mayi, womudikirira ndi dalaivala, malo amachita kutsala. Ndiye mpando wa khanda ugulidwe, uzikhala kwa dalaivala.

Za pamaliro, vuto ndi lakuti timasiyira dalaivala kuti akanize yekha, mwana wamng'ono pamaso pa akulu ake. Lamulo likhale la gulu, lilembedwe, limatidwe pagalasi. Munthu akakwiya akwiyire tonse. Ndipo tikadziwa kuti opita ndi ambiri, tisonkhe tichite hayala minibasi monga tinkachitira kale. Kupita kukaika mmodzi n'kubwerako ndi maliro ena, mudziwo sungatikhululukire.

Mayi wa ku Area 25: Amayi mwandifika pamtima. Koma khanda likamalira panjira kufuna bere, nditani lili m'kampando?

Achemwali a ku Leeds: Galimoto iime pamalo abwino, muyamwitse, mumubwezere. Mphindi khumi sizichedwetsa ulendo kuposa mmene timachedwera pa Chimbiya pogula soseji. Zina zoti tidziwe: mpando wa khanda umayang'ana kumbuyo, chifukwa mutu wake ndi waukulu pomwe khosi ndi lanthete, ndiye msana wonse umafunika kutsamira. Pa muyezo wa R129 amayang'ana kumbuyo mpaka miyezi 15, kupitirira apo n'kwabwinonso. Mpando wotero usaikidwe kutsogolo kumene kuli airbag (thumba lija lodzaza mpweya pa ngozi), ikaphulika imamenya mpando pomwe pali mutu wa mwana. Ndipo ndikudziwa kuzizira kwa kwathu mu Juni, koma musamumange atavala chijekete chokhuthala kapena atakulungidwa m'bulangete, zingwe zimakhala ngati zagwira pomwe zili lendelende. Mangani kaye, bulangete mufunditse pamwamba.

Mayi aakulu a ku Zomba: Nanga woyembekezera? Ambiri amakana lamba, amati apweteka mwana.

Achemwali a ku Leeds: Amange ndithu amayi. Wam'munsi adutse pansi pa mimba, pa mafupa a m'chiuno, osati pamchombo. Wam'mwamba adutse pakati pa mabere n'kutsikira m'mbali mwa mimba. Osamupititsa kunkhwapa kapena kumbuyo kwa msana.

Amalume a ku Chilinde: Zonsezi ndamva. Koma amayi a kumudzi akutunga pachitsime chosatetezeka ndipo mvula ili pafupi. Kolera tinaiona 2022 ndi 2023. Mundiuze kuti imeneyo si ngozi.

Aphunzitsi a sayansi: Ndi ngozi amalume, palibe akutsutsa. Koma ndifunse: mjigo uja uli ndi komiti, ndipo mabanja amasonkha mwezi ndi mwezi. Ndalamazo zili kuti? Mjigowo ndi wa mtundu wa Afridev, ndipo nthawi zambiri chimene chimatha ndi timphira tam'kati kapena ndodo, zinthu zoti mmisiri wa m'dera amasintha tsiku limodzi. Tisanatulutse ndalama zonse, wina akaone chimene chafa. Mwina ndi kanthu kakang'ono. Tikamalipira chilichonse ife a m'tauni, komitiyo idzasiyiratu kutolera.

Amalume a ku Chilinde: Komitiyo wapampando wake ndi mlamu wanga, samalani kalankhulidwe a Ticha.

Aphunzitsi a sayansi: Ndiye bwino amalume, muwaimbire ndinu.

Mnyamata wa ku Ndirande: Malambawo bwanji osangopita nawo kwa telala asoke? Wodulidwa uja ndi kungolumikiza basi.

Dalaivala wa gulu: Ayi mphwanga, msoko wa telala uduka pa kugunda koyamba. Lamba amasinthidwa yense ndi kachipangizo kake kokokera. Ndikafunsa ku Biwi mawa. Koma sindikufuna wochotsedwa m'galimoto yoti inagunda, ameneyo anagwira kale ntchito yake, anatamuka. Ndikamukoka mwamphamvu ayenera kukakamira, ndikamusiya abwerere yekha. Ndidzayesa mmodzimmodzi makanika ali pomwepo.

Wapampando: Zikomo nonse. Nazi zimene ndatolapo. A Msungichuma ndi a dalaivala abweretse mtengo wa malamba pofika Lachitatu. Amalume alankhule ndi komiti ya mjigo, atiuze chimene chawonongeka ndi zimene zili m'thumba lawo. Achimwene a ku Joni musagule kaye, mudikire chithunzi cha mipando ya galimoto, ndipo muyambe ndi wa khanda. Tivota Lachisanu madzulo mitengo yonse ili patebulo. Chimodzi chokha sindidikira voti chifukwa sichifuna ndalama: kuyambira lero mwana sakhala kutsogolo mu Sienta ya gulu, kaya pampando kaya pamiyendo ya munthu.

Amalume a ku Chilinde: Chabwino. Nanga Loweruka ku chinkhoswe cha ku Golomoti? Ndinalembetsa kale anthu 9, ndipo titsikira ku Khwekhwerere.

Dalaivala wa gulu: Pa makhotolo aja ndi malamba mmene alilimu, ndinyamula asanu amalume, kuphatikiza ine. Akakonzedwa, 7.

Amalume a ku Chilinde: A Wapampando, mayina onse ndakutumizirani. Otsalawo musankhe ndinu, muwaimbirenso nokha.