Zotsatira za endoscopy ya malume aja

Ndabweranso ndi nkhani ya funso langa lija, loti kodi madokotala akalowetsa kapaipi ka kamera kukhosi (endoscopy) amapeza chiyani kawirikawiri. Malume, asodzi a ku Makawa kuno ku Mangochi, ankasanza magazi, ndipo tinatumizidwa ku Queens ku Blantyre.

Anawauza kuti asadye kuyambira usiku, anawapopera mankhwala ochititsa dzanzi kukhosi, ndipo sizinatenge nthawi. Ambirife tinkaopa khansa ya kummero, poti Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansayi ndi yochuluka kwambiri. Koma ayi. Anapeza mitsempha yotupa kumunsi kwa mmero. Adokotala anafotokoza kuti likodzo la m'matumbo likakhalitsa limawononga chiwindi, magazi n'kumasowa njira, mitsempha ija n'kufufuma mpaka kuphulika. Anaimanga ndi timphira ting'onoting'ono pomwepo, n'kuwapatsa praziquantel (mankhwala a likodzo) ndi propranolol (ochepetsa mphamvu ya magazi m'mitsempha ija).

Zina zomwe amati amaziona pafupipafupi ndi zilonda za m'mimba, kutupa kwa chifu, komanso mafangasi oyera kummero kwa omwe chitetezo chawo chatsika.

Anthu a kunyanja, munthu akasanza magazi kapena chimbudzi chikada bii, musamangoti ndi "alsa" n'kumamwa soda. Malume abwereranso mwezi wamawa kukaunikidwa.