Wotipangira pulogalamu wakana kupereka pasiwedi: kodi apa pakufunika loya?

Mwini holoselo, Limbe

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za malamulo. Tili ndi holoselo ku Limbe kumene timagulitsa sopo, shuga ndi mafuta ophikira, ndipo chaka chatha tinapatsa ntchito mnyamata wina wodziwa za makompyuta kuti atipangire pulogalamu yowerengera katundu ndi ngongole, pamodzi ndi webusaiti yaing'ono. Tinagwirizana pakamwa ndi pa WhatsApp, sitinasainirane pepala lililonse, ndipo ndalama zonse tinamutumizira pafoni. Mwezi watha tinafuna kuti munthu wina aikonze pulogalamuyo chifukwa yayamba kuchedwa, koma mnyamatayo wakana kupereka pasiwedi ya seva (kompyuta imene imasunga pulogalamuyo pa intaneti) ndi source code (malemba amene pulogalamuyo inapangidwira), akuti zimenezo ndi zake ndipo ife tinangogula chilolezo choigwiritsa ntchito. Tapezanso kuti dzina la webusaiti analilembetsa m'dzina lake. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti m'menemo muli maina, manambala a foni ndi ngongole za anthu onse amene amatenga katundu kwa ife. Kodi bizinesi ngati yathuyi ikufunikadi loya pa nkhani za makompyuta, kapena zimenezo ndi za makampani a mu Victoria Avenue?

Wophunzira zamalamulo, Sunnyside

Bambo, loya akufunika, ndipo anali wofunika kwambiri tsiku limene munkagwirizana lija. Pulogalamu ya kompyuta si thumba la shuga limene mukalipira mumalinyamula n'kupita nalo kwanu. Lamulo la Copyright Act la 2016 limaiteteza monga ntchito ya luso la munthu, choncho funso lakuti mwini wake ndani, amene anailemba kapena amene anapereka ndalama, liyenera kuyankhidwa momveka bwino mu mgwirizano wolembedwa, apo ayi aliyense amakokera kwake monga mmene zachitikira kwa inu.

Komabe simuli manja lende. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalola kuti mauthenga a pafoni ndi pa intaneti aperekedwe ngati umboni kukhothi. Musafufute kalikonse m'macheza anu a pa WhatsApp, sungani mauthenga otsimikiza ndalama zimene munatumiza, ndipo mupite nazo kwa loya kuti aone ngati penapake munalemba mawu osonyeza kuti munkagula pulogalamu yonse. Nthawi zambiri kalata imodzi yochokera kwa loya imathetsa nkhani zotere musanafike kukhothi la zamalonda, ndipo mtengo wake sungafanane ndi kuyambiranso pulogalamu yatsopano.

Wokonza makompyuta, Ginnery Corner

Ndilankhuleko ngati munthu amene ndimagwira ntchito yomweyi, osati pofuna kuikira kumbuyo mnyamatayo, chifukwa kulembetsa webusaiti ya kasitomala m'dzina lako n'kulakwa ndithu. Koma mgwirizano wolembedwa umateteza mbali zonse ziwiri, ndipo ife timavutikanso ukasowa. Seva zambiri zimene timasungirapo zinthu zili kunja kwa dziko ndipo timalipira mwezi ndi mwezi m'madola. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinali ndi kasitomala amene tinagwirizana naye mtengo m'makwacha, ndipo kwa miyezi ingapo ndinkaonjezera ndalama za m'thumba mwanga kuti webusaiti yake isazime, iye n'kumakana kuti mtengo usinthe popeza panalibe pamene tinalemba zimenezo. Loya wodziwa ntchito akanafunsa msanga kuti dola ikakwera adzasenza ndani, pulogalamu ikaonongeka usiku idzakonzedwa pasanathe maola angati, ndiponso ubale ukatha pasiwedi ndi zonse zosungidwa zidzaperekedwa motani. Mafunso amenewa anthu awiri amene akugwirizana mwachimwemwe sawakumbukira. Bambo, mufufuzenso ngati ndalama za seva zinkalipiridwa, chifukwa mwina mkangano wagona pamenepo.

Wowerengera ndalama, Namiwawa

Ine chandidetsa nkhawa ndi maina a makasitomala aja. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act, loteteza mbiri za anthu monga maina ndi manambala awo, ndipo bungwe loona za mafoni, wailesi ndi intaneti la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Amene anatolera maina ndi manambala a anthuwo ndinu, choncho udindo wowasamala uli pa inu, ngakhale kuti amene akusunga pasiwedi ndi wina. Taganizirani mayi wa golosale ku Bangwe amene ali ndi ngongole kwa inu, akulandira foni kuchokera kwa munthu amene akudziwa dzina lake ndi ndalama zenizeni zimene akuyenera kubweza, n'kumuuza kuti atumize pa nambala yatsopano. Mayi ameneyo adzatumiza mosakayika, ndipo akadzazindikira kuti waberedwa adzabwera pakhomo panu. N'chifukwa chake m'kalata ya loyayo, nkhani yobweza zonse za makasitomala ndi kufufuta zimene mnyamatayo angakhale atasunga kwake ikhale patsogolo, za umwini wa pulogalamu zibwere pambuyo.

Mwini holoselo, Limbe

Zikomo nonse. Ndayang'ana m'mabuku athu ndipo n'zoona, ndalama za seva sitinaperekepo kuyambira pamene pulogalamu inayamba kugwira ntchito, chifukwa sindinkadziwa kuti zimalipiridwa mwezi uliwonse. Macheza onse a pa WhatsApp ndawasindikiza, akwana masamba khumi ndi anayi, ndipo Lachiwiri ndikukaonana ndi loya mtauni. Ndimupempha kuti m'kalatamo alembe kuti ndife okonzeka kubweza ndalama zimene mnyamatayo analipira pa seva, malinga ngati atipatse pasiwedi, asamutsire webusaiti m'dzina la bizinesi yathu, ndipo tisainirane mgwirizano watsopano.