Kuyenda masiku atatu m'nkhalango ya Lengwe ndi kuthandiza ntchito yoteteza chilengedwe

Mphunzitsi wa ku Nchalo:
Ine ndi anzanga anayi tikufuna kuti pa tchuthi chikubwerachi tiyende wapansi masiku atatu m'nkhalango ya Lengwe, titabereka tenti, ufa ndi mapoto m'zikwama, ndipo tizigona kumene dzuwa latilowera. Sitikufuna kungoona nyama basi, koma kugwirako ntchito yongodzipereka, makamaka kuchotsa misampha yawaya imene opha nyama mozembera amatchera. Kodi zimenezi n'zololedwa, nanga tiyambire kwa yani?

Mkulu wa ku Ngabu:
Aphunzitsi, maganizo anuwo ndi abwino, koma nkhani ya misamphayo muyambe mwaiika pambali. Lengwe ili m'manja mwa Dipatimenti yoona za malo osungirako nyama zakutchire, ndipo munthu sayenda wapansi m'menemo popanda chilolezo komanso mlonda wonyamula mfuti, chifukwa muli njati zambiri zimene zimabisala m'ziyangoyango, moti mumazindikira muli nazo maso ndi maso. Chinanso, mukapezeka m'tchire mutanyamula waya m'chikwama, ndani angakhulupirire kuti mumachotsa osati kutchera? Lamulo loteteza nyama analikhwimitsa mu 2017, ndipo milandu ina chilango chake chimafika zaka 30. Alonda akapeza msampha amalemba malo ake kuti adziwe njira za otcherawo, choncho munthu wongouzula mwachifundo amafufuta umboni. Lembani kalata ku ofesi ya nkhalangoyo, mufotokoze kuti ndinu angati ndiponso masiku amene mwasankha, kenako mufunse ntchito imene iwowo akusowa manja. Kawirikawiri imakhala yolambula njira zotchinga moto udzu usanaumitsitse, kapena kutola zinyalala pa malo oonerapo nyama.

Mayi wa ku Bangula:
Ndikugwirizana ndi akuluwa, koma ine ndikambe za madzi, popeza ndi amene adzalamule ulendo wanu wonse. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo ine nditayenda ndi gulu la kumpingo m'mapiri a kuno kumunsi ndinkamwa malita asanu pa tsiku, osawerengera ophikira nsima. Tinadalira kamtsinje kamene munthu wina anatiuza kuti sikaphwa, koma titafika tinapeza mchenga wokhawokha, mpaka tinafukula ndi mbale kufika m'chigongono kuti tipeze timadzi tamatope, timene tinasefa ndi chitenje n'kuwiritsa. Madzi a m'maiwe a ku Lengwe ndi a nyala ndi njati, si oti muwawerengere. Ngati tchuthi chanu chikugwa mu Okutobala, ulendowo muusinthe, chifukwa kutentha kwa kuchigwa kuno mukukudziwa nokha. Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yabwino. Masikito neti musaisiye ngakhale chikwama chitalemera, ndipo musamale chitedze posankha pokhoma tenti.

Wokonda Mbalame:
Ngati cholinga ndi ntchito, musaiwale nkhalango ya Matandwe ku Nsanje, imene yavutika ndi ootcha makala. Makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe amafuna anthu pa nazale ndi pa nthawi yobzala mitengo mvula ikayamba, koma muyenera kudzera kwa alangizi a zankhalango ndi kwa anyakwawa. Ku nkhalango ya Majete, kumene bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003, kuli mikango ndi njovu, kotero kuyenda wapansi kumachitika ndi alonda awo okha.

Mphunzitsi wa ku Nchalo:
Zikomo nonse. Za waya m'chikwama sindinaziganizirepo n'komwe. Kalata ija ndiilemba sabata ino, ndipo tasankha tchuthi cha Julayi. Amayi a ku Bangula, kodi pa ulendo wanu uja zigubu munanyamula za malita angati, ndipo munkasinthana bwanji?