Magazi akwera, ndisiye mapiritsi a ayironi?

Moni nonse m'gulu muno. Funso langa likupita makamaka kwa anamwino ndi inu amene munavutikapo ndi kuchepa magazi.

Miyezi iwiri yapitayo ndinkangokhala wolefuka. Ndikakwera masitepe pang'ono chabe mtima unkagunda ngati ndathamanga, m'makutu mukuchita phokoso. Tsiku lina mwana wanga wamkazi anandikoka chikope cham'munsi n'kunena kuti, "Amayi, mkatimu mwayera mbee." Chimene sindinauze aliyense n'chakuti ndinkalakalaka dothi, mpaka kumalibisa m'chikwama. Kuchipatala atandiyeza anapeza himogulobini yanga (imene amayeza pofuna kudziwa kuchuluka kwa magazi) ili pa 9.1. Anati gwero lake ndi msambo, chifukwa umanditengera masiku 8 ndipo umabwera ndi magazi oundana. Anandipatsa mapiritsi a ayironi otchedwa ferrous sulphate, othandiza thupi kupanga magazi.

Sabata yatha ndinayezetsanso, yafika pa 12.3. Mphamvu zabwerera ndithu, dothi lija sindikulifunanso. Koma adokotala akuti ndipitirize kumwa kwa miyezi ina itatu, pamene mapiritsiwa andisautsa: kudzimbidwa, chimbudzi chakuda bii, nseru m'mawa uliwonse. Achemwali anga akuti ayironi akachuluka amawononga chiwindi. Magazi atakwana kale, mapiritsiwa akugwiranso ntchito yanji? Ndithandizeni, ndatsala pang'ono kuwasiya.

Yankho la namwino:
Amayi, musasiye chonde. Nambala mwaionayo ikunena za magazi amene akuyenda m'mitsempha basi. Kwa mayi amene si woyembekezera, 12 ndiye malire, ndiye kuti inu mwangowoloka kumene. Thupi la munthu wamkulu limakhala ndi ayironi wokwana magalamu 3 kapena 4, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu ali m'maselo ofiira a magazi. Wina amasungidwa m'chiwindi, m'kapamba ndi m'mafuta a m'mafupa, atakutidwa ndi puloteni yotchedwa ferritin. Imeneyo ndiyo nkhokwe. Munthu akamataya magazi, thupi limayamba latapa m'nkhokwemo mpaka kutheratu, himogulobini imadzatsika pambuyo. Pochira zimayenda mobwerera: ayironi wa mapiritsi amayamba wapita kukapanga maselo ofiira, nkhokwe imadzadza pomaliza. Miyezi itatu akunenayo ndi yodzadzira nkhokweyo. Ngati kumene mumapitako amayeza ferritin, apempheni akuyezeni. Ikakhala pansi pa 15, m'nkhokwe mulibe kanthu.

Za chiwindi achemwali anuwo sakunama kwenikweni. Thupi lilibe njira yotayira ayironi wotsala, n'chifukwa chake munthu samwa mapiritsiwa mwachisawawa osayezetsa, makamaka amene ali ndi matenda a sickle cell kapena amaikidwa magazi pafupipafupi. Koma inu mwayezedwa ndipo mwezi uliwonse mukutaya magazi ambiri. Vuto lanu ndi kuperewera.

Mayi wina:
Ine ndinasiya nditangomva bwino, monga mukufunira inumu. Pasanathe miyezi isanu chizungulire chinabwerera, tsitsi likuthothoka pa chipeso, zikhadabo zikungothyoka. Ndinayambiranso pachiyambi. Pirirani achemwali.

Mwini funso:
Zikomo anamwino, za nkhokwe ndamva. Nanga za m'mimbazi? Ndimamwa piritsi m'mawa ndi tiyi wamkaka kuti nseru ichepe, lina madzulo.

Namwino:
Aa, tiyiyo ndiye ayi. Tiyi, khofi, mkaka komanso mankhwala a kutentha pamtima zimagwira ayironi m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Muzisiyanitsa ndi maola awiri. Imwani ndi madzi, kapena ndi chipatso chokhala ndi vitamini C ngati lalanje. Chimbudzi chakudacho chisakuopseni, ndi ayironi amene sanalowe m'thupi. Chokhacho, chikadzakhala chonanda ngati phula ndi fungo loipa kwambiri, kapena m'mimba mukupweteka kwambiri, thamangirani kuchipatala.

Pa zomwa kawiri pa tsikuzo, kafunseni adokotala anu. Chiwindi chimapanga homoni yotchedwa hepcidin, yomwe imatseka khomo lolowera ayironi kumayambiriro kwa matumbo aang'ono. Mukamwa piritsi, hepcidin imakwera n'kukhala choncho pafupifupi maola 24, ndiye piritsi lamadzulolo limapeza khomo lotseka, ayironi wochuluka amangodutsa n'kukakudzimbirani. Pa chifukwa chimenechi madokotala ambiri masiku ano amalembera piritsi limodzi pa tsiku, ena amati kudumphitsa tsiku. Musasinthe panokha, koma kawauzeni momwe mukuvutikira.

Bambo wina:
Ndingowonjezerapo kamodzi poti mwatchula mwana. Mapiritsiwa muziika patali kwambiri. Amaoneka ngati maswiti, ndipo kamwana kakameza ambiri kakhoza kufa.

Membala wina:
Ine chikundidetsa nkhawa ndi msambowo. Maselo ofiira amakhala masiku 120, akakalamba kapamba amawaphwanya ndipo ayironi wake amagwiranso ntchito. Thupi limasamala chonchi chifukwa m'chakudya limangotengamo miligalamu imodzi kapena ziwiri pa tsiku. Tsono mililita iliyonse ya magazi otayika imapita ndi pafupifupi theka la miligalamu. Masiku 8 mwezi ndi mwezi, chakudya chokha sichingabweze zimenezo, olo mudye chiwindi ndi nyemba motani. Kuli ngati kutunga madzi ndi chidebe chobooka. Kodi anakupimani m'chiberekero kuona ngati mulibe zotupa? Mankhwala ochepetsa msambo alipo, musachite manyazi kufunsa.

Mwini funso:
Sanandipime, ndipo inenso sindinafotokoze zonse, ndinkaona ngati ndi mmene thupi langa linalengedwera. Sindinawauze kuti usiku ndimadzuka kawiri kukasintha. Ndipita Lachinayi likubwerali, ndalemba papepala: ferritin, kamwedwe ka mapiritsi, ndi za chiberekero. Anamwino, tsiku lokayezetsa ferritin ndimwe piritsi m'mawa mwake, kapena ndidikire ayambe anditenga magazi?