Akamba am'madzi a maonekedwe achilendo

Nachisale: Akuluakulu, ndaona chithunzi cha kamba wotchedwa mata mata, amene mutu wake ndi wophwatalala ngati tsamba louma. Kodi amakhala kuti, nanga maonekedwewo amamuthandiza chiyani?

Bambo Phiri: Mayi, kambayu amapezeka m'madambo ndi m'mitsinje yoyenda pang'onopang'ono ya m'chigwa cha Amazon ku South America. Amabisala phee m'madzi osaya amatope, n'kumangotulutsa kamphuno kake kakatali kuti apume, ndipo kansomba kakayandikira amayasamula mwadzidzidzi n'kukameza pamodzi ndi madzi, popeza satha kutafuna.

Bambo Mbewe: Palinso kamba wa mphuno yankhumba, wa m'mitsinje ya kumpoto kwa Australia ndi kumwera kwa New Guinea, amene miyendo yake ndi yopalasira.

Nangozo: Tisaiwale nkhasi ya m'nyanja ya Malawi, ya chigoba chokutidwa ndi khungu, imene imaikira mazira mumchenga. Zimandiwawa kuti anthu ena amafukula mazirawo.