Phungu m'modzi m'chigawo chonse cha Montana: zinkatheka bwanji?

Wophunzira wa ku Chanco:
Abale, ndithandizeni. Ndikuphunzira za ndale kuno ku Chanco, ndipo aphunzitsi atipatsa ntchito yoti tifanizire kagawidwe ka madera a aphungu kwathu kuno ndi ku America. Ndawerenga kuti chigawo cha Montana chinali ndi phungu m'modzi yekha ku House of Representatives kuyambira 1993 mpaka 2023. Chigawo chokula kuposa Malawi katatu! Boma la Zomba lokha lili ndi aphungu angapo, komabe anthu amadandaula kuti phungu amaoneka nthawi ya kampeni yokha. Nanga kumeneko zinkayenda bwanji, ndipo dera limenelo linatha chifukwa chiyani?

Mphunzitsi wopuma wa ku Matawale:
Mwana wanga, nkhaniyi yagona pa kalembera. Mipando m'nyumba imeneyo ndi 435 basi, siiwonjezeka. Akawerenga anthu pakatha zaka khumi zilizonse, amaigawanso, ndipo chigawo chilichonse chimalandira mpando umodzi ngakhale chikhale ndi anthu ochepa bwanji. Montana inali ndi aphungu awiri kwa zaka zambiri, koma kalembera wa 1990 anaonetsa kuti anthu sakuchuluka msanga ngati kwina, mpando umodzi n'kuchoka. Anakadandaula mpaka ku Supreme Court, koma mlandu sunawakomere. Choncho mu 1992 aphungu awiri amene analipo anapikisana okhaokha, Pat Williams wa Democratic n'kugonjetsa Ron Marlenee wa Republican. Kalembera wa 2020 atapeza anthu opitirira 1 miliyoni, mpando wachiwiri unabwerera, dera la chigawo chonse n'kutha mu January 2023. Womaliza kuliimira anali Matt Rosendale. Kwathu n'kosiyana: MEC inawonjezera mipando kuchoka pa 193 kufika pa 229. Iwo sawonjezera, amangosuntha.

Mayi wa ku Chinamwali:
Aphunzitsi afotokoza bwino, koma achemwali musayambire 1993. Dera la chigawo chonse linaliponso kale, kuyambira 1889 pamene Montana inakhala chigawo cha America, ndipo phungu woyamba anali Thomas Carter. Ine chimene chimandigwira mtima ndi cha 1916. Nthawi imeneyo mipando inali iwiri, koma sanadule malire. Munthu aliyense ankavotera anthu awiri m'chigawo chonse. Amayi a ku Montana anali atangopatsidwa ufulu wovota mu 1914. Jeannette Rankin anayenda ponseponse m'mafamu ndi m'matauni, ndipo anakhala wachiwiri pa mavoti, zomwe zinali zokwanira. Anakhala mayi woyamba kulowa Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse la America, amayi ambiri a m'dzikomo asanaloledwe n'komwe kuvota.

Ine ndimakhulupirira kuti mipando iwiri ija ndi imene inamutsegulira khomo. Bambo amene sakanalola kutaya voti yake imodzi pa munthu wamkazi, anatha kumupatsa yachiwiri. Taonani zimene zinatsatira: anakana kuvomereza nkhondo ndi Germany mu April 1917, ndipo chisankho cha 1918 chisanafike, opanga malamulo a chigawocho anadula dera pawiri, iye n'kugwera mbali imene chipani chake cha Republican chinali chofooka. Anayesa Senate, nyumba inayo ya Congress, mu 1918, osapambana. Anabwerera pa chisankho cha 1940, ndipo mu December 1941 anali yekhayekha wokana nkhondo ndi Japan, 388 kwa 1. Mukamalemba, funsani ngati amayi kwathu kuno sakanalowa ambiri bwenzi tikuvotera anthu awiri m'dera limodzi lalikulu.

Mnyamata wa ku Sadzi:
Za mtunda mwafunsazi, phungu wa kumeneko sagula mabokosi a maliro kapena kukonza mijigo ngati athu. Montana ili ndi nyumba yakeyake ya malamulo ku Helena, bwanamkubwa wake, komanso masenata awiri ku Washington. Za misewu ndi sukulu zambiri zimathera komweko. China, amene wapambana chigawo chonse amakhala wadziwika kale paliponse. Mwa amene anaimirapo dera limeneli, Steve Daines anapita ku Senate mu 2015, Ryan Zinke anasankhidwa kukhala nduna mu 2017, Greg Gianforte ndi bwanamkubwa kuyambira 2021.

Wophunzira wa ku Chanco:
Zikomo nonse. Mayi a ku Chinamwali, funso lanu ndilo ndilitenge kukhala mutu. Alipo amene akudziwa kumene ndingapeze chiwerengero cha amayi amene analowa Nyumba ya Malamulo kuyambira 1994? Lolemba ndikayamba ndafunsa ku National Archives.